Mpando Woyang'ana Kukhoma

Mayi Consolata anawapeza ndi khansa ya m'matumbo chaka chomwe migodi ya kumpoto kwa Australia inayamba kuchotsa anthu ntchito. Mmodzi mwa ochotsedwawo anali Lamson, mwamuna wa mwana wawo Tawina. Munthu amene kale ankapita kuntchito pandege tsopano ankadalira maganyu owotcherera zitsulo ku Malaga, dera la mafakitale mumzinda wa Perth, lero alipo, mawa palibe. Tawina anali nesi, ndipo ankatenga shifiti iliyonse yomwe yapezeka kuti pakhomo pasagwe njala. Choncho ntchito yoperekeza mayiwo kuchipatala inagwera mkamwini.

Kwawo ku Dedza zimenezi sizikanachitika. Kumeneko mkamwini akaona apongozi ake akubwera m'njira amapatukira kutchire. Ku Perth kunalibe tchire lopatukira, ndiye awiriwa anapeza njira yawo. Mayi Consolata ankakhala mpando wakumbuyo, kuseri kwenikweni kwa dalaivala, ndipo Lamson anapendeketsa kagalasi ka m'galimoto kuti maso asamakumane. Iwo ankamuitana bambo a Nora, potengera dzina la mdzukulu wawo. Iye ankangoti amayi.

Madokotala anadula mbali ina ya matumbo n'kuwasiyira bowo pamimba, pomwe ankamatapo thumba lolandira chimbudzi. Kenako anayamba kemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa. Mankhwalawo anawachititsa dzanzi m'zala. Mayi amene kwa zaka zambiri ankanyamula ndi kusambitsa nkhalamba zachizungu kunyumba yosamalira okalamba tsopano ankalephera kumanga batani la bulauzi.

Thumba silisankha malo. Akamachokera kuchipatala, nthawi zina asanapitirire n'komwe dera la Crawley, mayiwo ankati, "Galimotoyi ikumveka ngati yatentha, bambo a Nora."

Lamson ankakhotera mumsewu waung'ono, kutsika, kutsekula boneti n'kuima kuseri kwake. Ankayang'anitsitsa injini mpaka atamva kugogoda pawindo. Galimotoyo inalibe vuto lililonse, ndipo onse awiri ankadziwa.

Masiku atchuthi cha odwala atatha kuntchito, panatsala nkhani ya fulati. Mayi Consolata ankachita lendi kafulati ku Girrawheen. Kanali kakang'ono, koma kiyi anali wawo, chimbudzi chinali chawo. Popanda chithandizo chimene boma limapereka kwa anthu osatha kugwira ntchito, akanayenera kubweza kiyiyo n'kusamukira kwa Tawina. Nyumba ya Tawina inali ndi bafa limodzi, chimbudzi chili momwemo, chitseko chake choyang'ana pabalaza pomwe Lamson ankakhala tsiku lonse. Khansa sankaiopa kwambiri ngati chitseko chimenecho.

Anadzaza mafomu, ndipo ofesi ya boma inawaitana kuti ikawafunse maso ndi maso. Tsikulo anavala suti ya Lamlungu ndi wigi, nadzola ndi pamilomo pomwe. Kwa boma munthu sapita ngati wadzuka pamphasa.

Wowafunsa anali mtsikana waulemu dzina lake Katherine. Ataona Lamson ataima pakhomo ndi chikwama cha mayiwo, anati achibale ndi ololedwa, nakoka mpando n'kuuika pambali penipeni pa Mayi Consolata. Lamson anayang'ana mpandowo, anayang'ana khomo, kenako anakhala.

Mafunso anayamba m'Chingelezi chofewa.

"Mumasamba nokha?"

"Ndimasamba."

"Thumba lija limakuvutani? Limadontha?"

Mayi Consolata ankamva kupuma kwa mkamwini wawo pafupi ndi phewa lawo. "Ayi. Lili bwino."

"Kusintha mumasintha nokha?"

"Ndekha."

"Mutapeza ntchito yopepuka, yongokhala pansi, mungaithe?"

"Ine ndagwira ntchito moyo wanga wonse," anayankha motero.

Lamson anali atazika maso pansapato zake. Katherine analemba zonse monga anazimvera.

Yankho litabwera linali lakuti mayiwo angathe kugwira ntchito maola ochepa, choncho chithandizo sichinawayenere. Tawina analiwerenga ali chiimire m'khitchini ya amayi ake, yunifolomu ili m'thupi.

"Amayi, anthu aja munawauza chiyani?"

"Zomwe anafunsa."

"Alemba kuti mumasamba nokha. Nanga amene ndimamusambitsa ine uja ndi ndani? Mapasa anu?"

"Unkafuna ndifotokoze za chimbudzi changa pamaso pa mwamuna wako?"

Tawina anatembenukira Lamson, amene anali panja pakhonde monga mwa masiku onse. "Nanga inu munalowa kukatani?"

"Anandikokera mpando."

"Akanakukokerani bedi mukanagona?"

Tawina anapitiriza m'Chingelezi, monga ankachitira akapsa mtima, kuti kuno si Dedza, kuti kuno munthu ukati uli bwino amakukhulupirira. Atamaliza anati chipinda cha Nora chilipo, mwanayo atha kugona pabalaza. Mayi Consolata anati sanafe, ndipo kiyi wawo sabweza.

Anapempha kuti nkhaniyo iunikidwenso. Dokotala analemba kuti thumbalo ndi la moyo wonse, ndiponso kuti zala sizingabwerere mwakale posachedwa. Ofesi inawaitananso, n'kunena kuti popeza zomwe dokotala walemba zikusiyana ndi zomwe mwiniwake ananena, abwere ndi munthu amene amawaona tsiku ndi tsiku. Tawina anati awaperekeza iyeyo. Koma m'mawa wa tsikulo kuchipatala kunaperewera manesi, anamuitana, ndipo pakhomo pomwe malipiro ndi a munthu mmodzi sipakanidwa shifiti.

Ulendo uno Mayi Consolata anavala diresi lotakasuka ndi mpango kumutu. Wigi anaisiya. Atafika poimika magalimoto, Lamson anazimitsa injini n'kulankhula akuyang'ana chiwongolero.

"Ine nditsala muno, amayi."

Mayiwo anasinkhasinkha. Akalowa okha, ndiye kuti mawu awo a lero akalimbana ndi mawu awo a tsiku lija, ndipo palibe wowaikira umboni. Akalowa naye, pakamwa patsekekanso. Anaganiza za chitseko choyang'ana pabalaza chija.

"Mulowa," anatero. "Bodza munalimva. Mukamvenso zoona."

Wowafunsa tsopano anali mayi wachikulire dzina lake Julia. Asanayambe, Mayi Consolata anapempha kuti mpando wa Lamson autembenuzire kukhoma. Julia anaika cholembera pansi.

"Kunyumba kuli vuto? Bambowa mumawaopa? Titha kulankhula awiri."

"Vuto palibe. Ndi mwamuna wa mwana wanga. Kwathu sitiyang'anizana. Ndi ulemu."

"Ndiye chifukwa chake tsiku lija munati zonse zili bwino?"

"Anakhala apa," anatero mayiwo, akuloza pambali pawo.

Lamson ananyamula mpando, kupita nawo pakona, n'kukhala atayang'ana khoma pomwe panapachikidwa chithunzi chosonyeza kothawira moto ukabuka.

Mayi Consolata anayamba. Analankhula monga ankaperekera lipoti la nkhalamba kwa mnzawo wolowa shifiti, osakometsa, osalira. Anati zala sizimva, moti paketi ya thumba latsopano amaitsekula ndi mano. Anati akamata okha limakhala lopendama, ndipo likapendama limadontha. Anati posamba amakhala pachidebe chovundikira, ndipo kumsana ndi kumapazi kumadikira tsiku lomwe Tawina wabwera. Anafotokoza za Lamlungu lina kutchalitchi pomwe thumba linaphulika anthu akupereka chopereka, iwo n'kutuluka atadzikulunga chitenje cha mnzawo. Kuyambira pamenepo sanapitekonso.

Julia ankalemba. Kenako anafunsa msana wa Lamson ngati ali ndi choonjezera.

Lamson anakonza pakhosi. Anayankha khoma.

"Tikamachokera ku kemo sitifika kunyumba osaima panjira. Amati galimoto yatentha, ine ndimatsekula boneti. Nthawi zina zimawatengera nthawi yaitali chifukwa cha zalazo." Kenako anapitiriza. "Mpando wakumbuyo ndimautsuka ndikawasiya. Ndinagula mankhwala ake otsukira. Masitepe a pafulati amakwera chokwawa. Ine ndimaima pansi kuyang'ana kumsewu mpaka ndimve chitseko."

Za mpandozo Mayi Consolata sankazidziwa. Ankayala thaulo, ndipo ankakhulupirira kuti thaulo limabisa zonse. Anayang'ana msana wa mkamwiniyo, malaya ake okhala ndi timabowo ta moto wa kuwotcherera, kenako anabweza maso kwa Julia.

"Ndi zoona zimenezo?" anafunsa Julia.

"Ngati watero, ndi zoona. Samanama. Tsiku lija anangokhala chete."

Julia anafunsa mafunso ena angapo okhudza mankhwala, n'kuwauza kuti yankho alimva. Lamson anabweza mpando pamalo pake asanatuluke.

Yankho linachedwa mpaka mwini fulati anayamba kuimba foni, koma linabwera. Chithandizo chinavomerezedwa. Mayi Consolata anauza Tawina pafoni kuti Nora asasunthe m'chipinda chake. Tawina anafunsa kuti anawauza chiyani anthu aja ulendo uno.

"Funsa mwamuna wako."

"Ndamufunsa. Akuti iye amawerenga za moto."

Sabata yotsatira kunali kemo. Pobwerera, mayiwo ali pampando wawo wakumbuyo, anamva kulemera kuja pamimba mabasi a ana a sukulu atadzaza mumsewu wa Stirling Highway.

"Imani penapake, bambo a Nora," anatero. "Thumba ladzaza."

"Chabwino, amayi."

Lamson anakhotera mumsewu waung'ono, pansi pa mtengo. Anatsika, anapita kutsogolo, n'kutsekula boneti.