Galimoto Yosamwa Petulo Wamba

"Kenan sabwera, bambo a Shamima. Foni yake ndi yozima," anatero Rukia akukhoma chitseko cha nyumba.

"Abwera," anayankha mwamuna wake Yusufu, maso ali kumsewu. "Munthu uja sanandigwiritsepo fuwa la moto."

Unali m'mawa wa mwezi wa Meyi ndipo pa Dedza pamazizira zolumitsa mano, koma Yusufu thukuta linali kamukamu. Galimoto yake yofiira, yochokera ku Japan, inali pabwalo itadzaza kale. Kutsogolo kunakhala apongozi ake a Hamza, telala wakale wa pamsika, atavala mkanjo woyera, pasipoti ili m'manja. Tsiku limenelo ankanyamuka ulendo wa Haji ku Makka, ulendo umene anaudikira zaka makumi awiri akupalasa makina osokera. Gulu lawo linapangana kukumana pabwalo la ndege ku Lumbadzi leveni koloko, ndipo mtsogoleri ananeneratu kuti wochedwa atsala.

Kumbuyo kunapanikizana akazi awo a Raheema ndi alongo awo awiri a mkuluyo, atasiyako kadanga ka Rukia. M'buti munali sutikesi, matumba awiri a kachewere ndi dengu la kabichi, zonsezo za achibale a ku Lilongwe. Kwathu kuno galimoto siipita kutauni chimanjamanja.

Chimene munalibe ndi mafuta. Kagetsi kachikasu kanali katayaka dzulo lake.

Vuto linayamba tsiku limene Yusufu anagula galimotoyo. Wogulitsa anamuuza kuti injini yake ili ndi tebo, kachipangizo kokankhira mpweya wambiri m'kati kuti galimoto izikoka ngati yaikulu, ndipo anawonjezera kuti injini zotere zimakonda petulo wapamwamba, wa piremiyamu. Yusufu anawatenga mawuwo ngati lamulo la dokotala. Pa filing'i ya kufupi ndi kwawo petulo anali wa mtundu umodzi basi, wa aliyense, womwe amamwa maminibasi ndi njinga za kabaza. Choncho anapangana ndi Kenan, bambo wina wa njinga yamoto, kuti sabata iliyonse azimubweretsera zigubu ziwiri kuchokera kutsidya kwa malire. Ngati analidi a piremiyamu, ankadziwa ndi Kenan yekha ndi Mulungu wake.

Yusufu sankasunga nkhaniyi mumtima. Lachisanu lililonse potuluka mumzikiti ankasisita boneti n'kuuza anzake kuti, "Iyi siimwa za aliyense. Mutaithira dontho limodzi la petulo wamba, ine ndingamve ndi khutu langali."

Hafu eyiti inakwana, Kenan osaoneka. A Hamza anatsitsa galasi pang'ono.

"A Yusufu," anatero mofatsa, "kodi ndege zija zimadikira anthu a tebo?"

"Ayi bambo, tinyamuka pompano."

"Chabwino. Ndimangofunsa. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Yusufu analowa m'galimoto n'kuiyendetsa mpaka pa filing'i, akudziuza mumtima kuti akungokafunsa. Wothira mafuta, mayi wansangala dzina lake Kettie, anabwera paipi ili m'manja.

"Muli ndi piremiyamu?" anafunsa Yusufu ndi mawu a bwana.

"Tili ndi petulo ndi dizilo, bwana. Chachitatu ndi madzi a pampopi apo." Kenaka Kettie anasuzumira kumbuyo n'kumwetulira. "Aa, amayi! Lero mwakhala kumbuyo? Tidzaze ngati Lachinayi lija?"

Rukia anayamba kukonza mpango wake umene unali wokonzeka kale.

"Lachinayi liti?" anafunsa Yusufu.

"Lachinayi lililonse," anayankha Rukia, maso ali pansi. "Kuyambira Febuluwale. Inu mukakhala kusitolo ine ndimapita nayo ku Lizulu kukatenga katundu, ndi kuchipatala ndi amayi. Zigubu ziwiri za Kenan mukuona ngati zingakwane zonsezo?"

"Mayi a Shamima! Mwakhala mukuimwetsa poizoni galimoto yanga miyezi itatu?"

"Poizoni wake uti? Tsiku lija munandikodola kuti ndimve mmene ikuimbira pa chitunda cha ku Bembeke, munali petulo wa a Kettie yekhayekha. Munachita kuomba m'manja."

Azakhali awiri aja anatsekera kuseka m'mipango, koma mapewa awo ankagwedezeka mpaka galimoto yonse inamva. Yusufu zinamupweteka kwambiri. Sichinali chinsinsi cha mkazi wake chokha chimene chinamuwawa. Chinali khutu lake lija, limene analitama pamaso pa mzikiti wonse.

Pafupi pomwepo a Gerevazio, makaniko wa ku Kasina amene anali ndi galaja kuseri kwa filing'iyo, ankamva zonse akupukuta manja ndi kasanza. Anayandikira mwaulemu n'kupereka moni kwa akuluakulu kaye.

"A Yusufu, musakwiye, safunsa anadya phula. Zilipo injini za tebo zosanyengereka, zofunadi mafuta apamwamba okhaokha. Yanuyi si imodzi mwa izo, amayiwa anandionetsa kabuku kake. Apamwamba imawakonda, inde, koma wamba imamwa. Ili ndi khutu lake m'katimo, loposa lanulo. Ikamva kuti yayamba kugogoda imabweza yokha mphamvu pang'ono, basi."

"Ndiye kuti siingafe panjira?"

"Siifa mukailemekeza. Zimene siifuna ikamwa wamba ndi ziwiri: katundu wolemera pachitunda, ndi phazi lolemera pamoto." A Gerevazio anayang'ana matayala a kumbuyo amene anali atabisala m'madigadi, kenaka anayang'ana mimba ya Yusufu, n'kumalizira kuphazi lake.

Zinali zoona, ndipo Dedza yense ankadziwa. Yusufu sankatha kuona chitunda osaponda moto mpaka pansi kuti amve tebo ikuimba mluzu.

"Thirani," anatero Yusufu ndi mawu a munthu woferedwa. Paipi italowa iye anayang'ana kumbali.

Anatsitsa kachewere ndi kabichi. Galimoto inadzukako pang'ono, koma a Gerevazio anapukusabe mutu. Kumbuyo kunali anthu anayi pamalo a atatu, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene anali wochepa thupi.

"Atsikepo munthu mmodzi," anatero. "Ndiponso apolisi a pa Nathenje sakusiyani muli chonchi. Akakuimitsani, ola latha."

"Ine sinditsika," anatero azakhali aakulu asanafunsidwe n'komwe. "Mlongo wangayu ndinamubereka kumsana. Ndileke kumuperekeza lero?"

"Nanga ine ndi wongotola?" anafunsa aang'ono.

A Raheema anangogwira phewa la amuna awo kuchokera kumbuyo, ndipo aliyense anamva. Kunatsala Rukia, mwana yekhayo wa mkuluyo, amene anachapa ndi kusita nsalu zonse zili m'sutikesi. Yusufu anawayang'ana mmodzimmodzi. Mkamwini angatsegule bwanji pakamwa n'kuuza apongozi kuti tsikani? Wotchi ya pafoni inali itadutsa naini koloko.

Pamenepo a Hamza anatsegula chitseko n'kutulutsa mwendo umodzi.

"Musavutike, ana anga. Ine ndikwera minibasi iyo. Inu mubwere ndi sutikesi pang'onopang'ono, galimoto isavulale."

Sananene mokwiya kapena monyoza. Ananena monga munthu amene moyo wake wonse anazolowera kupatuka kuti ena adutse. Yusufu anayang'ana minibasiyo. Munali anthu atatu okha, ndipo kondakitala anali atakhala pamwala akudya chimanga chootcha. Imeneyo ikanadzaza ndege ili kumwamba. Manyazi anamugwira Yusufu mpaka m'mafupa, poona kuti nkhalamba yodikira zaka makumi awiri ikupepesa kwa chitsulo chake.

"Bambo, bwezerani mwendo m'kati," anatero. Anazula kiyi, anazungulira galimoto n'kutsegula chitseko cha kumbuyo. "Mayi a Shamima, tsikani."

Rukia anatsika nkhope itagwa, misozi ili pafupi. Yusufu anamuika kiyi m'manja.

"Mukuidziwa mmene imayendera ikamwa zimenezi. Ine phazi langa silimva. Kafikitseni bambo."

"Nanga inu?"

"Ine ndi thumba lachitatu la kachewere. Nditsala ndi anzangawa."

Azakhali anaseka poyera tsopano, ndipo a Hamza anagwira dzanja la mkamwini wawo ndi manja awiri kwa kanthawi. Rukia anakokera mpando kutsogolo, anati Bisimilahi, n'kulowa mumsewu mwakachetechete. Yusufu anatchera khutu kuti amve kugogoda. Sanamve kalikonse, koma khutulo anali atasiya kale kulikhulupirira.

Anakhala pathumba la kachewere maola awiri. Madalaivala a kabaza ankamupatsa moni wautali kuposa masiku onse, ena n'kufunsa ngati naye akugulitsidwa pamodzi ndi mbatatayo. Iye ankangoyang'ana foni. Leveni koloko itatsala mphindi khumi, inalira.

"Tafika, bambo a Shamima," anatero Rukia. "Siinatsokomole ngakhale kamodzi. Dikirani, bambo akufuna akuyankhuleni."

"A Yusufu," anamveka mawu a a Hamza, ali ndi phokoso la anthu kumbuyo, "ndalowa pamzere. Ndikafika kumeneko ndikakupemphererani inu poyamba. Galimoto ndi yabwino, koma mwini wake waiposa lero."

Yusufu anangoti, "Muyende bwino, bambo," n'kupukuta m'maso ndi chipewa, akunamizira mphepo ya pa Dedza.

Asanaike foni m'thumba, njinga yamoto inaima patsogolo pake ili fumbi lokhalokha. Anali Kenan, zigubu ziwiri zitamangidwa kumbuyo ndi malamba a chubu.

"Bwana, pepani, tcheni chinaduka kutsidya! Koma ndabwera nawo, piremiyamu weniweni. Galimoto ili kuti?"

"Ili ku Lumbadzi."

"Yapita ndi chiyani?"

Yusufu analoza Kettie, amene anakweza paipi ngati akupereka sawatcha. Kenan anakanda m'mutu.

"Nanga awa nditani nawo?"

"Thira m'njinga yakoyo, mwina tcheni chisiya kuduka," anatero Yusufu akudzuka n'kusasa fumbi kumbuyo. "Tsitsa zigubuzo, umange kachewereyu. Ukandisiye kunyumba, ndikaphike tiyi. Dalaivala wanga abwera atatopa."