Maliro a Bambo Dixon M'buti ya Galimoto

Bambo Dixon anatsirizika Lachiwiri m'mawa, Ida akuwapukuta mapazi. Mapazi omwewo ankadzaza mabwalo a mpira ku Mangalande m'ma 1950, mwini wake asanabwere ku Indiana kudzaphunzitsa ana. Kunyumba yosamalira okalamba ku Lawrence, kumene Ida ankagwira ntchito, nkhani yawo inali imodzimodzi: matope, chikopa cholemera chikanyowa, ndi chinamtindi cha anthu chikuimba dzina lawo.

"Koma ndikadzafa kudzangoti zii," ankatero.

"Ine ndilipo, agogo. Simudzapita ngati nkhuku."

Paja lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Ida anaimbira foni amayi a mvano, Amalawi anzake a mumzinda wa South Bend. Amayiwo anasinthanitsa mashifiti kuntchito, Loweruka n'kutulukira ku Lawrence, zitenje pamwamba pa majekete. Za tsiku loika palibe anafunsa. Kufunsiranji? Kwathu mtembo umadikira anthu.

Pamalo oimika magalimoto anakumana ndi Tiffany, mwana wa malemu, uja ankabwera pa Khirisimasi pokha ndi kakeke kogula. Anadzatenga katundu. Nsapato za mpira za bambo ake anali ataziponya kale m'bini, ati zikununkha nkhungu.

"Thupi lili kuti, mayi?" anafunsa Ida.

"Tinawotcha Lachinayi. Mwina tidzachita kaphwando kunja kukafunda."

Kaphwando! Munthu wamkulumkulu, imvi zayamba kale, koma bambo ake kuwathamangitsa ngati zinyalala zimene galimoto imadzatola Lachinayi.

"Nanga phulusalo?"

Tiffany anadina kiyi, buti n'kutseguka. Bambo Dixon anali m'kabokosi kakuda, pakati pa thumba la chakudya cha galu ndi majumbo a kusitolo.

Amayi anayang'anana. Mayi Vainess, mtsogoleri wawo, anavula chitenje, n'kufunditsa kabokosiko, n'kuyambitsa nyimbo. Onse anapolokezana, ndipo okalamba anayamba kusuzumira m'mawindo. Ida anakatola nsapato zija m'bini, anazipukuta ndi mpango wake, n'kuziika pachitenjepo. Analira zenizeni, chifukwa nkhalambayo ankaikonda.

Ali pakati pa ndime yachiwiri, Tiffany anamukodola Ida paphewa.

"N'zokoma ndithu. Koma zitenga nthawi yaitali bwanji? Muli ayisikilimu umo, asungunuka."

Ida anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anakhala pansi, pa phula, kumbuyo kwenikweni kwa matayala a galimoto ya Tiffany. Amayi onse anakhala naye.

"Mayi Vainess," anatero Ida, "tiyambirenso ndime yoyamba."