Chigoba cha pa Msomali

Ulendo wokaona zojambula ku Dowa anaukonza ndi amuna anga, a Agustino, ndipo sunali wa ana monga iwo ankanenera. Unali wonyengerera achimwene anga, a Isake.

Kwathu ku Msakambewa mwamuna amakhala kuchikamwini, ndipo ana ndi a malume awo. Ife tinkafuna chitengwa, tisamukire kwawo kwa a Agustino ku Chezi, kumene sukulu ili pafupi. Ineyo ndinkachifuna kuposa iwo, chifukwa ndinatopa kuona mwana wanga Takondwa akuwoloka dambo lodzaza madzi m'mawa uliwonse. Koma popanda mawu a achimwene, mwini mbumba, sitikanasuntha ngakhale mphika. Chikhalirecho anthu awiriwa sankamwerana madzi. A Agustino ndi Mkatolika wa kwaya, achimwene ndi munthu wa kudambwe, kumene kumachokera gule wamkulu. Wina ankatcha mnzake wachikunja, winayo n'kumati tonde wobwereka.

Mu minibasi anayambana pa nkhani ya windo. Achimwene akatsegula, amuna anga ankatseka ati fumbi lilowa m'maso mwa ana. Ine ndinangofungatira Tadala, wamng'onoyo, n'kumatukwana chamumtima.

Nyumba yoyamba inali ya zojambula za utoto, zambiri za anyamata a ku Dzaleka. Takondwa anaima pa chithunzi cha mayi wosenza mtolo wa nkhuni n'kufunsa chifukwa chimene nkhope yake inali yobiriwira. Bambo ake anayamba kulongosola ngati amene anajambula ndi iwo. Achimwene anati munthu amene ali ndi fodya woti asanje sangatayire tsiku pa zibwana zotere. Tadala anapaka chala cha mandasi pa chithunzi china, mtsikana woyang'anira anatikalipira, ndipo aliyense wa amuna awiriwo anati mwanayu akuwonongeka chifukwa cha mnzake.

Nyumba yachiwiri inali ya zosema. Titangolowa ndinadziwa kuti talakwa, chifukwa khoma lonse la kumanzere linali la zigoba za gule, zopachikidwa pa misomali ngati zipewa. Ife akazi ndi ana timauzidwa kuti gule ndi chilombo chochokera kumanda. Akazife timadziwa zathu, koma pakamwa timatseka. Ana ndiye amakhulupiriradi.

Achimwene anafuna kutulutsa ana msanga, akuti izi si za maso a mwana wosavinidwa. Amuna anga anatsekereza khomo, nati ana aone okha kuti zimene amawaopseza nazo kumudzi ndi mitengo chabe. Achimwene anawakumbutsa kuti mkamwini asamakule mwendo. Ali mkati mokangana, Takondwa anali atafika kale kukhomako.

"Amayi, ichi ndi chija chinandithamangitsa pa maliro a agogo," anatero akuloza chigoba chofiira, cha dzino limodzi lothyoka. Anasuzumira kumbuyo kwake, napeza muli mphako ndi zingwe za mlaza. Mwana wanga sanalire. Anangotembenuka n'kuyang'ana malume ake.

Apo mpamene mwini malowo, bambo wina wonenepa, anatulukira m'kachipinda. Ataona achimwene nkhope yake inawala. Anawagwira dzanja ndi manja awiri, nati sanaiwale tsiku lija anakumana ku Mponela, ndipo alendo amachikonda kwambiri chofiiracho. Anafunsanso ngati abweretsa china.

Achimwene anati bamboyo wawasokoneza ndi munthu wina. Koma bamboyo anawatchula dzina ndi mudzi womwe.

Ngakhale ine mkazi ndikudziwa kuti kutulutsa chigoba kudambwe n'kukachigulitsa ndi mlandu woti munthu sangayendenso mutu uli m'mwamba. Chaka chapitacho matalala anali atawononga fodya wa achimwene, ndiye ndinamvetsa chimene chinawafikitsa pamenepo. Ndinawamvera chisoni. Ndinayembekeza kuti amuna anga, munthu wopemphera, ayang'ana kumbali.

Iwo anatulutsa foni. Anajambula chigobacho, kenako anajambula achimwene ataima pafupi nacho, osafulumira n'komwe.

"Alamu," anatero mofatsa, "nkhani yathu ya ku Chezi ija, mwaiganizira bwanji? Kapena tikafunse nzeru kwa anzanu a kudambwe?"

Ndinawagwira mkono n'kuwauza kuti afufute. Anandikankha ndi chigongono, nati ndisaiwale kuti amene ndinkalira usiku ndi usana za dambo lija ndine. Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinandipweteka kwambiri. Ine ndinkafuna achimwene atilole ndi mtima wawo, adzabwere ku Chezi kudzaona ana, ndipo ana akadzakula adzawaimire pa maukwati awo.

Achimwene anayang'ana pansi. Kenako anati titha kupita, ngakhale mawa lomwe. Sanayang'ane amuna anga. Anayang'ana ine.

"Manesi, iwe ndi amene unandiitana ulendo uno."

Ndinalumbira kuti sindinkadziwa kanthu, koma iwo anali atatuluka kale. Pa siteji anakana kukwera nafe. Amuna anga anagulira ana chimanga chootcha, akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi, ndipo sindinadepo munthu ngati mmene ndinawadera pa nthawi imeneyo.

Minibasi itafika, Tadala anapulumuka m'manja mwanga n'kuthamangira kwa malume ake, manja ali m'mwamba kuti amunyamule. Achimwene anawerama, anamugwira mapewa, namutembenuza kuti ayang'ane kwa ife.

"Pita kwa bambo ako," anatero. "Ulibe malume iwe."