Asanu ndi Anayi mwa Khumi

Zoraida Huamán anakhala kumbuyo m'holo ya khonsolo, atakumbatira chikwama chake. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, iye ndi amene ankayenda ndi mafunso a kafukufuku wa khonsoloyo.

Kutsogolo, khansala Eleuterio Chávez ankagwedeza pepala m'mwamba. "Mwa anyamata khumi aliwonse ogwidwa ndi apolisi, asanu ndi anayi amasewera magemu a pakompyuta! Nyumba zonse za magemu m'tauni muno zitsekedwe!"

Anthu anaomba m'manja. Zoraida anaimirira.

"Bambo khansala, amene anafunsa mafunsowo ndine. Munandituma kundende ya ana kokha. Nditapempha kuti ndikafunsenso kusukulu, munati galimoto ilibe mafuta."

"Khalani pansi, mayi. Nambala sinama."

"Sinamadi, koma inzake mwaibisa. Loweruka ndinapita pandekha kwa ana a kwaya ya kutchalitchi. Mwa khumi amene ndinawafunsa, onse khumi amasewera. Ndiye titsekenso kwaya?"

Holo yonse inafa nacho chiseko. "Wanga amaimba komweko!" anakuwa mayi wina wogulitsa chicha, chakumwa cha chimanga, pamsika.

Khansala uja, maso ali psu, anaphimba maikolofoni ndi dzanja. "Mayi, ntchito yanuyo mukuifunabe?"

"Ndikuifuna. Koma pansi pa pepalalo pali dzina langa, ndipo sindilola kuti linamizire ana a eni."

Anatulutsa mapepala a mayankho a ana a kwaya aja n'kuyamba kugawa mzere ndi mzere, mpaka wapampando anaimitsa voti yotseka nyumba za magemu. Lolemba m'mawa Zoraida anapeza kalata yomuchotsa ntchito ili padesiki. Anaiwerenga kamodzi, n'kuitenga ulendo wa kuwailesi ya m'tauniyo.