Tsiku Limene Arlen Anaima Panjira

Arlen Thielen anali pa besi yoyamba, imodzi mwa malo anayi amene wosewera amaponda pozungulira bwalo, manja m'chiuno, akupuma ngati wathamanga, chikhalirecho anangoyenda. Woponya wa timu ya ku Kessel anamuponyera mipira inayi yolambalala, woyimbira n'kumulozera kuti apite kubesiyo, monga mwa lamulo. Munthu wa imvi ngati iye sankayenera kupezeka m'bwalo la besibolo Lamlungu limenelo. Ntchito yake masiku amenewo inali kukhala pabenchi, kutafuna njere za mpendadzuwa n'kumakalipira osewera. Koma awiri a m'timu anapita ku ukwati, wina anapondedwa phazi ndi ng'ombe, ndiye Arlen anafukula yunifolomu yake yakale, mkazi wake Marlys n'kumuthandiza kukoka lamba.

"Madala, mwatopa kale?" anatero wa ku Kessel amene ankalondera besiyo. "Tikubweretsereni mpando?"

"Besi iyi ndinayamba kuiponda bambo ako akuyamwa chala," anayankha Arlen osamuyang'ana.

Maso ake anali kumpanda, kumapeto kwa bwalo. Kwathu ku Eberhart, aliyense amene anasewerapo m'timu yathu ali ndi nsanamira yake pampanda umenewo. Ukamenya homurani, mpira n'kudutsa pamwamba pa mpanda kukagwera kubusa la ng'ombe, masewero akatha umatenga chitsekerero cha botolo la mowa n'kukachikhomera pansanamira yako. Alipo ena amene nsanamira zawo zili ndi ziwiri kapena zitatu basi, komabe akalandira alendo amapita nawo kukawaonetsa. Ya malemu Norb Lahr inalekezera m'chiuno. Ya Arlen inadzaza kuchokera pansi mpaka pamwamba, zitsekerero 187, zambiri zitachita dzimbiri. Kwa zaka zambirimbiri panalibe woiyandikira. Kutchalitchi, kugolosale, ngakhale pamaliro, anthu sankati Arlen wa ng'ombe za mkaka. Ankati Arlen wa nsanamira, ndipo iye ankachita ngati sizimukhudza, pomwe tonse tinkadziwa kuti ndi zimene zinkamudzutsa m'mawa.

Tsopano panali nsanamira ina, yonyezimira ngati yangotsukidwa. Inali ya Brent Rausch, mkamwini wake, mwamuna wa mwana wake Jolene. Lamlungu lapitalo nayonso inafika pa 187. Ndipo amene ankabwera kudzamenya pambuyo pa Arlen, akugwedeza chibonga pang'onopang'ono, anali Brent yemweyo. Awa anali masewero ake omaliza, pakuti mawa lake ankanyamuka ndi Jolene ndi ana kusamukira ku Omaha kumene anapeza ntchito.

M'mawa wa tsiku limenelo, potuluka mu Misa, Marlys anamukoka malaya mwamuna wake.

"Lero wagwada nthawi yaitali, Arlen. Umapempha chiyani?"

"Mvula."

"Ya chimanga kapena yothetsa masewero?"

"Mvula ndi mvula, Marlys."

Mvulayo sinabwere. Kumwamba kunali kuli mbee, kotentha, fungo la soseji yowotcha likusakanikirana ndi la udzu wa ng'ombe umene anali atangoudula. Anthu anadzaza mabenchi, ena atakhala kumbuyo kwa mapikapu awo mozungulira bwalo. Mpira woyamba Brent anangouyang'ana ukudutsa. Wachiwiri anauphonya, a ku Kessel n'kukuwa. Wachitatu unamveka phwa!

Arlen sanafunikire kucheuka. Kulira kumeneko ankakudziwa ngati mmene amadziwira mawu a Marlys akamamuitana kukhola. Anayamba kuthamanga, mwa kuthamanga kwake kwa masiku ano, mutu uli m'mwamba. Mpira unakwera, n'kukwerabe, mpaka unasanduka kadontho koyera pafupi ndi nsanja ya tchalitchi, ndipo pamenepo unakhala ngati waima kuti uone mudzi wonse. Anamzeze awiri anadutsa pansi pake. Kenaka unatsika mosafulumira, kuseri kwa mpanda, kutali ndithu, pakati pa ng'ombe zimene zinangodzutsa mitu n'kupitiriza kudya.

Arlen anaponda besi yachiwiri. Phokoso la anthu linkamveka ngati likuchokera tsidya lina la nyanja. Dzuwa linkawomba zitsekerero za pampanda, ndipo iye anayamba kukumbukira mahomurani ake: ija anaimenya tsiku limene Jolene anabadwa, asanagone n'komwe, ija inaswa galasi la galimoto ya abambo mfumu, ija ya chaka cha chilala, imene inadzutsa fumbi kubusa. Pakati pa besi yachiwiri ndi yachitatu, Arlen anaima.

Brent, amene ankabwera pambuyo mutu uli pansi, anangotsala pang'ono kumugunda. Anaima mwadzidzidzi, mpaka nsapato zinakumba dothi. Lamulo lake ngakhale ana a sukulu amalidziwa: womenya akangodutsa mnzake amene ali patsogolo, watuluka, ndipo homurani yake yafera pomwepo.

"A Arlen, bondo?"

"Bondo lili bwino."

"Nanga bwanji?"

"Ndikuona ng'ombe."

Brent anayang'ana ng'ombezo. Zinali ng'ombe basi.

"Dutsa, Brent!" anakuwa wa ku Kessel wina akuseka. "Njira ndi yotakata iyi! Thirakitala ikafa panjira, umangoilambalala!"

"Tseka pakamwa, Lyle," anatero Brent. "Ukanakhala kuti umadziwa kuwakha mpira ngati mmene umalongololera, bwenzi uli pa wailesi yakanema."

Kumabenchi, kuwomba m'manja kunayamba kuzilala. Ena anaimirira kuti aone bwino. Vern, woyimbira, amene masiku ena onse amayendetsa galimoto yotolera mkaka, anavula chotchinga kumaso n'kubwera akupukuta thukuta.

"Arlen, wavulala? Ngati wavulala ndilola wina akumalizire."

"Sindinavulale."

"Ndiye tiye. Malamulo sanena kuti munthu azitenga nthawi yaitali bwanji, koma ine ndili ndi mowa ukufunda m'galimoto."

"Tatipatsani kanthawi, a Vern," anatero Brent.

Vern anawayang'ana onse awiri, n'kubwerera chammbuyo, akuthamangitsa a ku Kessel ndi dzanja kuti atalikire. Anatsala awiriwiri pakati pa bwalo, wina kutsogolo, wina kumbuyo, ngati anthu odikira kulandira Ukalistia.

Arlen analankhula osatembenuka.

"Ndimaganiza kuti ndikondwa, Brent. Sabata yonseyi ndakhala ndikuyeserera pagalasi. Koma sindikukondwa. Zikundiwawa."

"Ndikudziwa."

"Sukudziwa. Iwe mawa ukunyamuka. Nsanamira yako itsala apo, mwini wake kulibe. Ine ndizidutsa pamsewu uwo m'mawa ndi madzulo, ndili wachiwiri kwa munthu woti ali ku Omaha akukonza mafiriji."

"Makina oziziritsa m'nyumba."

"Ndi zomwezo."

Kamphepo kanadutsa, kakugwedeza mbendera ya pachipata. Kutali, galu anauwa kawiri n'kusiya. Brent anavula chipewa chake cholimba, n'kuchitembenuza m'manja.

"Chabwino, ndidutse," anatero motsitsa mawu. "Anthu aziti ndinasokonezeka ndi chimwemwe, zimachitika. Tikhale ofanana. Ku Omaha palibe amene adzandifunse za zitsekerero za mowa. Koma pa Khirisimasi ndikufuna ndizibwera ndi ana m'nyumba mwanu, inu mukundiyang'ana kumaso."

Tinene zoona, mawu amenewo anamukomera Arlen. Anamulowa mumtima ngati madzi ozizira. Anafuna, anafunitsitsa ndithu. Sankayenera kuchita chilichonse, kungoima pomwepo n'kumayang'ana ng'ombe, zonse n'kukhala mmene zinalili. Anamva nsapato ya Brent ikusuntha padothi, mthunzi wake ukutalika kumbali yakumanja.

Ndiye anadziona ali kubala ya m'tauni, nyengo ya chisanu, atakhala pampando wake wa nthawi zonse. Mlendo akufunsa kuti madala awo ndi ndani. Anthu akuyankha mwaulemu, mokweza, kuti ndi Arlen wa nsanamira, kenaka wina akuweramira kukhutu la mlendoyo n'kunong'ona kuti mkamwini anachita kumusiyira. Anaona mmene azidzamuwombera m'manja, mwachisoni, ngati mmene timawombera ana akaimba molakwitsa m'tchalitchi. Manyazi anamugwira mpaka makutu anatentha.

Anatambasula mkono, n'kugunda pachifuwa cha mkamwini wake.

"Bwerera."

"A Arlen..."

"Ndati bwerera. Ukangondidutsa ndikuthyola mwendo, ukafike ku Omaha pangolo. Ine ndakupempha kuti undipatse? Zanga zonse zija ndinamenya ndekha."

"Ndiye yendani."

"Ndiyenda. Koma usandithamangitse."

Anayamba kuyenda, osati kuthamanga, kuyenda kwenikweni, ngati munthu amene akuyendera munda wake Lamlungu madzulo. Brent anavala chipewa n'kumutsatira, akuponda mofupikitsa kuti asamuyandikire. Kumabenchi kunali zii, mpaka tinkamva mafuta akulira pachiwaya cha soseji.

Njira imeneyo Arlen anaizungulira moyo wake wonse, koma nthawi zonse mothamanga, mutu uli pansi, chifukwa kwathu kuno ukamenya homurani sumayang'ana uku ndi uku, kuopa kuti woponya angaone ngati ukumunyoza. Ankangodziwa dothi ndi nsonga za nsapato zake. Lero ndi pamene anaona kuti kuchokera pamenepo denga la khola lake limaoneka, lofiira, kuseri kwa mitengo. Anaona timaluwa toyera tikumera m'mphepete mwa mzere wa laimu. Anaona kuti bwalolo ndi laling'ono, laling'ono zedi, ndipo anadabwa kuti zaka zake zonse zinakwanira bwanji mmenemo.

"Mwafika pa yachitatu," anatero Brent. "Muiponde, a Vern akuyang'ana."

"Undiphunzitse kuponda besi, iwe?"

Anaiponda, n'kukhotera kumanzere. Tsopano mabenchi anali kutsogolo kwake. Jolene anali ataimirira, wanyamula mwana wamng'ono, dzanja lina lili pakamwa, osadziwa kuti ayang'ane bambo ake kapena mwamuna wake. Pambali pake panali Marlys, pamalo pomwe ankakhala ali mtsikana, mzere wachiwiri pafupi ndi chipilala. Kwa kanthawi Arlen anamuona ali ndi tsitsi lalitali lija ndi deresi yachikasu, akunyambita ayisikilimu, akunamizira kuti sanabwerere iye. Anaphethira, n'kuona mayi wa imvi, wa magalasi, akumuyang'ana mosaseka.

"Brent."

"Ee."

"Ku Omaha kuli matimu?"

"Akuti alipo a anthu akuluakulu. Amasewera Lachitatu madzulo."

"Uzikasewera. Usadzasiye msanga. Ukasiya, thupi limaiwala koma mutu suiwala, ndiye zimavuta."

Besi yomaliza inali apo, yoyera, Vern atangoisesa. Anyamata a timu yathu anali ataunjikana kuseri kwake, akudumphadumpha ngati ana a ng'ombe, akudikira. Arlen anachepetsanso liwiro, pakuti ankadziwa kuti malinga ngati sanaiponde, panalibe womuposa. Anaima pang'ono, anapuma mpweya wambiri, n'kuikapo phazi. Kenaka anapatuka.

Brent atangoiponda, bwalo linaphulika. Mahutala a mapikapu analira, wina anayamba kuimba belu la ng'ombe, ng'ombe zenizeni n'kuthawira kumapeto kwa busa. Anyamata aja anathamangira Brent, ena akudutsa kumanja kwa Arlen, ena kumanzere, ndipo mmodzi anamugunda paphewa osapepesa n'komwe. Kanali koyamba kuima pamalo amenewo phokoso lisali lake.

Anapita yekha kubenchi, n'kukhala kumapeto. Anamasula lamba uja, mimba n'kupuma. Anaika manja pakati pa mawondo. Patapita kanthawi anamva wina akugwira waya wa kumbuyo kwake. Anali Marlys, atatsika pamabenchi.

"Arlen."

Sanacheuke.

"Arlen, uli bwino?"

"Ayi," anatero.

Marlys analowetsa zala pawaya n'kumugwira pakhosi la malaya. Anakhala choncho, akuyang'ana anthu akunyamula mkamwini wawo m'mwamba. Kenaka Arlen anapukuta m'maso ndi mkono, n'kuloza kubusa ndi chibwano.

"Koma mpira uja unauona, Marlys? Unauona mmene unakwerera?"