Mitengo ya Mkamwini

Vinsenti anapeza mbande zonse zitazulidwa, zitaunjikidwa pamzere wa mbatatesi, mizu ili m'mwamba. Dzulo lake lomwelo anali atazitenga ku nazale ya m'mudzi ku Kaphuka, n'kuzibzala m'mphepete mwa chigwembe chomwe chaka ndi chaka chinkadya munda wa mkazi wake, Eneles.

Wozulayo sanabisale n'komwe. A Petulo, mlongo wake wa Eneles, anali chiimire pomwepo akusasa dothi m'manja.

"Alamu, ndalakwanji?" anafunsa Vinsenti mwaukali. "Mitengo imeneyi ndi yogwira dothi. Mudzi wonse wabzala."

"Eya, aliyense wabzala pakwawo," anayankha a Petulo. "Inu kwanu ndi ku Kabwazi. Chimanga bzalani, mbatatesi bzalani, zimenezo timakolola n'kuiwala. Koma mtengo? Mawa abale anu adzatulukire kuno, ati malo ndi a m'bale wathu, si iyi mitengo yake! Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka."

"Zaka khumi ndi zinayi ndili pano, alamu. Ndaterereka liti?"

Eneles anaponya khasu pansi. "Ndiye bzalanitu inuyo, achimwene. Munda ukuthawo ndi wanga, anandisiyira amayi."

"Ndibzala, iwe. Nanga chigwembecho chayamba lero?"

Kubzala kwake kuti! Mbande zinafota pomwepo, zotsala zinadyedwa ndi mbuzi.

Mu Febuluwale mvula inagwa masiku anayi osakata. Madzi anatsika m'phiri lometedwa mpala la kumtunda kwa mudziwo ali ofiira, opanda chowatchinga. Tsiku lachisanu banjalo linapeza munda uja utasanduka phompho, kotsala kachigamba koyala mphasa ziwiri. Mbatatesi zoti zikumbidwe mwezi wotsatira zinali mbwee kudambo, m'matope. Eneles anakhala pansi n'kulira ngati pamaliro.

A Petulo anafika atafunda jekete kumutu. "Pepani alamu. Zamulungu izi, tingatani?"

Vinsenti anawafulatira. Anaopa zomwe zikanatuluka pakamwa pake.

Eneles anapukuta misozi ndi chitenje, nadzuka. Osawayang'ana n'komwe a Petulo, anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Bambo a Tadala, kwanu kuja malo olima alipo?"

"Alipo. Bwanji?"

"Pitani mukauze ankhoswe. Munditenge chitengwa, ine ndi ana. Kuno ndilondera chiyani?"

"Iwe Eneles!" anakuwa a Petulo. "Usiye dothi la amayi?"

"Dothi la amayi lili kudambo uko, achimwene. Katoleni."