Sikuludiraiva ya Misheck

Ku Biwi, komwe galimoto yakufa imaukitsidwa Lachiwiri n'kufanso Lachinayi, kunali makaniko dzina lake Misheck. Iyeyu injini sankathamangira kuimasula ayi. Ankagunditsa nsonga ya sikuludiraiva painjinipo, chogwirira n'kuika kukhutu, n'kutsinzina ngati m'busa wopempherera wodwala. Akati "beringi yatha," inkakhaladi itatha.

Ndiye kampani ina yogulitsa malole a ku China inalengeza kuti ikufuna makaniko mmodzi woti akaphunzire ntchito komweko miyezi isanu ndi umodzi. Mayeso a manja Misheck anawakhoza mosavuta. Anatsala a khutu, omva Chitchaina. Malo amodzi, owalimbirana anayi, masabata atatu okonzekera.

Ankawaphunzitsa ndi Mayi Zipora a ku Kawale, omwe anakhalako ku China zaka zinayi.

"Liwu lililonse la Chitchaina lili ndi mayendedwe ake, ndipo alipo anayi," anatero mayiwo. "Loyamba limayenda pamwamba mowongoka. Lachiwiri limakwera. Lachitatu limatsika kaye kenako n'kukwera. Lachinayi limagwa. Ndikatchula liwu, kwezani zala zosonyeza nambala ya mayendedwe ake."

Misheck anakweza zala mpaka mkono kuwawa, zambiri zolakwika. Kwa iye loyamba ndi lachinayi anali mapasa, lachiwiri ndi lachitatu mapasanso.

"Madamu, apatu alipo awiri basi. Enawo ndi masipeya."

"Khutu lanu lilibe mlandu, a Misheck, linaleredwa ndi Chichewa. Nafenso timakweza ndi kutsitsa mawu, koma ngati masitepe: apa pamwamba, apa pansi. Ndiye khutu likangomva pomwe liwu layambira limaweruka. Anzathuwa safunsa komwe wachokera, amafunsa komwe ukupita."

Misheck anajambula mawu a mayiwo pafoni, n'kumawabwereza pagalaja ali chagada kunsi kwa galimoto. Levison, mnzake wowotcherera, anapeza poseka.

"Aise, pansipo pali mphaka? China yake iti? Iwe ukathera ku Chinsapo!"

"Seka lero," anayankha Misheck. "Positikhadi ndidzakutumizira."

Komatu sabata ziwiri zinatha zala zikulakwabe. Tsiku lina Lachitatu kunabwera minibasi ya ku Area 25 yotsokomola. Misheck anaika sikuludiraiva yake. Dalaivala analiza injini, n'kuthimitsa pompo.

"Ah, bwana, mwathimitsiranji? Injini sitiiweruza pa kutsokomola koyamba. Isiyeni imalize kulankhula!"

Atangotero anaima chilili. Nanga si zomwezi ankanena Mayi Zipora? Anatulutsa foni, n'kuisanjika pabonati, nsonga ya sikuludiraiva pafoni, chogwirira kukhutu, maso tsinzi. Anadikira liwu lililonse mpaka kumchira. Loyamba linali hutala. Lachiwiri, munthu akuponda mafuta. Lachitatu, injini yofuna kuzima koma n'kudzidzimuka. Lachinayi, kiyi wathimitsidwa.

"Foninso yatha beringi?" anakuwa Levison.

"Nanga minibasi yanga?" anatero dalaivala.

"Dikirani, bwana, ndili ku China."

Loweruka la mayeso mlonda wa pageti anamulanda sikuludiraiva, ati zida sizilowa mu ofesi. Mkatimo munali Mayi Zipora ndi mdala wina wa ku China, a Liu, mkulu wa amakaniko a kampaniyo. Patebulo panali kasipika. Mawu makumi awiri, aliyense kulowa payekha. Mwa omwe anali atalowa kale, wopambana anakhoza khumi ndi asanu.

Liwu loyamba, Misheck anathamanga, walakwa. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu, thukuta kamukamu, walakwanso. Khutu lija linali litabwerera kumudzi.

"Madamu, imitsani kaye," anatero. "Ndibwerekeni bolopeni."

Anagunditsa nsonga ya bolopeni pasipika, mbali inayo kukhutu, n'kutsinzina. Mayi Zipora anaphimba nkhope ndi manyazi. Koma a Liu anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kuyamba kuseka chamumtima. Anatsegula dilowa, natulutsa sikuludiraiva yakale ya chogwirira chamtengo, chakuda bii ndi girizi, n'kumupatsa ndi manja awiri. Analankhula pang'ono m'chinenero chawo.

"Akuti bolopeni imanama," anamasulira mayiwo. "Akuti gwiritsani iyi, yamva injini zaka makumi atatu."

Misheck anailandiranso ndi manja awiri. Sipika inayamba. Sanakweze chala mpaka liwu litafika komwe likupita. Hutala. Kiyi. Kuponda mafuta. Kiyi. Pa mawu khumi ndi asanu ndi awiri otsalawo anaphonya limodzi lokha.

Mayi Zipora anawerenga kawiri. "Khumi ndi asanu ndi limodzi. Pasipoti muli nayo, a Misheck?"

"Ndiipeza, madamu, ngakhale yamasipeya."

Potuluka anaima pageti, natambasula dzanja. "Achimwene, sikuludiraiva yanga ija. Imeneyo ikukwera ndege."